Bambo Kathumba, Amene Ankayamba Kulonjera Denga

Uthenga wa pafoni wandipeza m'mawa uno ndikuyanika zovala: mphepo yamkuntho ifika kuno ku Rockingham, pafupi ndi mzinda wa Perth, mawa masana, mangani chilichonse chimene chingauluke. Ndawerenga kawiri. Kenako ndangozindikira kuti ndayima pakati pa bwalo, manja ali kumbuyo, maso ali padenga. Ndadziseka, koma kusekako sikunafike mumtima. Kayimidwe kameneka si kanga ayi. N'ka apongozi anga, Bambo Lameki Kathumba, amene sabata ino patha chaka chimwalirireni.

Aliyense wa kutchalitchi kwathu amene anawalandirapo kunyumba kwake akudziwa zimene ndikunena. Munthu ukatsika galimoto umayamba ndi moni. Bambo ankayamba ndi denga. Mwini nyumba ali chiimire pakhomo, dzanja watambasula kale, iwo ali uko pafupi ndi msewu, chipewa chili m'manja, akutsatira mzere wa malata ndi maso kuchokera ngodya ina kukafika ina. Akamaliza m'pamene ankabwera kudzapereka moni wawo wautali wa ku Dowa, wofunsa mpaka za nkhuku. Mayi wina wa ku Zambia amene amakhala ku Canning Vale anandikokerapo pambali n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, bapongozi bako bafuna kugula nyumba yanga olo chani?" Ine manyazi anandigwira, ndipo sindibisa, masiku amenewo khalidweli linkanditopetsa.

Anali kalipentala, wokhoma madenga a masukulu, matchalitchi ndi nyumba za aphunzitsi ku Dowa ndi ku Ntchisi kuyambira ali mnyamata mpaka tsitsi linayera. Anabwera kudzakhala nafe akazi awo atamwalira. Amuna anga, Madalitso, amagwira ntchito kumgodi kumpoto uko, masabata awiri kuntchito, sabata imodzi kunyumba. Choncho masiku ambiri m'nyumbamo tinkatsala ine, ana athu awiri aakazi, Tadala ndi Yankho, ndi apongozi amene mwambo sunkandilola kukhala nawo pansi n'kumacheza. Tinkalemekezana motalikirana. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa mwana, ine ndili pomwepo: "Tadala, uwauze amayi ako kuti ngalande ya padenga kuseriku yadzaza masamba." Tadala ankangotembenuka n'kunena, "Mum, you heard him."

Perth sanamukhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Ankati ndi dziko lamtundu wanji limene mvula imagwa mu June, mwezi umene kwathu anthu amakonza madenga mosathamanga, kumwamba kuli mbee. Ankadandaulanso kuti mvula ya kuno siigwa kuchokera kumwamba monga mvula yaulemu, imabwera chopingasa kuchokera kunyanja, itagwirana manja ndi mphepo. Ndipo anali ndi mfundo zawo zimene ankazibwereza mpaka ana anaziloweza. Ankati denga siligwa, limanyamuka, chifukwa mphepo siilipondereza, imalowa pansi n'kulikankhira kumwamba. Ankatinso denga lodontha ndi bwenzi, poti limakuuza vuto lake. Loopsa ndi lija lokhala phee, lowala bwino, limene aliyense wodutsa amaliyamikira.

Nyengo yozizira yoyamba anatichititsa manyazi, tili m'nyumba yalendi. Tsiku lina ndinamva kugogoda, ndikapeza ndi mayi wachizungu woyandikana nafe, nkhope itafiira, akuloza kuseri. Pamwamba pa kashedi kosungira makasu panali njerwa zondandalika bwinobwino, ndi tayala lakale pakati. Bambo anamva pa wailesi kuti kukubwera mphepo, ndiye anachita zimene munthu aliyense wanzeru amachita kwathu: kulemetsa malata. Mayiyo anati mphepo ya kuno ikhoza kunyamula njerwazo n'kuziponya pawindo la chipinda chake. Madalitso anali kunyumba sabata imeneyo, ndipo analankhula mawu amene mpaka lero amawadandaula.

"Bambo, kuno si ku Mponela. Mutimangitsa."

Bambo anatsitsa njerwazo imodzimodzi, osalola kuthandizidwa, ndipo chakudya chamadzulo sanachikhudze. M'mawa mwake anapita okha kwa mayi uja, chipewa chili pachifuwa, kukapepesa m'Chingelezi chawo cha kumishoni. Atabwerako analowa m'kashedimo ndi waya n'kumangirira mitanda ya denga ku khoma, cham'kati, pomwe palibe angaone. Anauza Yankho, ine ndikumva, kuti mzunguyo sananame, njerwa padenga ndi mankhwala a munthu amene sanamange bwino poyamba.

Chaka chachitatu tinagula nyumba yathu ino, mtunda wochepa kuchokera kunyanja. Chimene chinatikopa kwambiri chinali denga lomweli: malata atsopano, otuwa bwino, opanda banga. Tinajambula zithunzi n'kutumiza kumudzi. Bambo anayang'ana dengalo nthawi yaitali kuposa madenga onse amene anayang'anapo. Patapita masabata, akulima bedi la mpiru kuseri, khasu lawo linayamba kufukula zidutswa za matailosi ofiira. Anazitola n'kuziunjika pakhonde. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, wotola zilizonse, ndipo kawiri konse ndinakazitaya m'bini. Kawiri konse zinabwerera pakhonde. Kenako uthenga unadzera mwa Tadala, woti pakufunika munthu alowe m'siling'i akaone. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinaiwala.

Mwezi wa May kunawomba mphepo yapakatikati, yosaopsa kwenikweni. Koma pamwamba pa chipinda cha ana, chimene chili mbali ya kunyanja, panamveka phokoso limene ndinali ndisanalimvepo: gu, kenako zii, kenako gu, ngati chinthu chikunyamuka pang'ono n'kukhalanso pansi. M'mawa mwake, Lachiwiri, kunabwera mnyamata wovala shati yoyera bwino, wakumwetulira. Anati akugwira ntchito mumsewu mwathu momwemo ndipo akuyendera madenga mwaulere. Anatulutsa kandege kakang'ono kokhala ndi kamera, n'kukaulutsa pamwamba pa nyumba. Anandionetsa zithunzi pafoni. Denga lokongola, anatero, kungosintha misomali ingapo ndi kumata apa ndi apo, mawa lomwe atha kubwera. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinali nditatenga kale cholembera kuti ndisainire.

"Mayi a Tadala."

Ndinatembenuka modzidzimuka. Ana anali kusukulu, panalibe wodzeramo. Aka kanali koyamba m'zaka zitatu kuti apongozi anga andiitane mwachindunji.

"Munthuyu walowa m'siling'i?"

Ndinamufunsa mnyamatayo. Anaseka mwaulemu n'kunena kuti masiku ano sipafunikanso zimenezo, kamera imaona zonse. Bambo anayandikira, n'kumuuza pang'onopang'ono m'Chingelezi kuti chimene waona ndi chipewa, mutu sanauone. Mnyamatayo anasiya khadi lake n'kumapita, ndipo ine ndinapsa mtima. Ndinaiwala zoti ndine mtengwa. Ndinawauza kuti kuno kuli malamulo, nyumbayi inayenderedwa tisanaigule, ndiponso si chilichonse chimene chiyenera kuchitika monga ku Dowa. Anangoyang'ana pansi. Ndinayesa kuimbira Madalitso kumgodi, foni yake inali yozima, ndiye ndinanyamuka kupita kukagula zinthu, mtima uli m'mwamba.

Nditabwerako ndinapeza makwerero atayima pakati pa kolido, kakhomo kolowera m'siling'i kali pululu, ndipo pansi pa makwereropo panali mapatapata awiri oyalidwa bwino. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wa matenda othamanga magazi, anali m'mwambamo yekha. Ndinkaopa kukuwa kuti angadzidzimuke n'kuponda pofewa, ndiye ndinangogwira makwererowo ndi manja awiri n'kumapemphera chamumtima. Matabwa ankalira pamwamba panga, kulowera cha kuchipinda cha ana. Sindikudziwa kuti panatha mphindi zingati.

Anatsika ali mbuu ndi fumbi, tochi ili m'kamwa. Sanandiyang'ane. Anapita kukhitchini, natenga kambale ka tiyi, naikapo msomali umodzi wadzimbiri, wopyapyala ngati singano pakati pake, n'kukankhira kambaleko kumene ndinayima.

"Ndauzula ndi zala," anatero.

Kenako anafotokoza, ndipo zidutswa za pakhonde zija zinayamba kulankhula. Nyumbayi inamangidwa ndi denga la matailosi. Matailosi ndi olemera, kulemera kwakeko n'kumene kunkagwira denga kuti lisanyamuke, choncho omanga sanavutike kumangirira mitanda kwambiri. Wina anadzachotsa matailosiwo n'kukhoma malata opepuka kuti nyumba ioneke yatsopano pogulitsa, koma mitanda anaisiya ndi timisomali takale tomwe tija, todyedwa ndi mchere wa kunyanja. Sanawonjezere lamba wachitsulo ngakhale mmodzi. Anati phokoso ndinamva lija linali denga likuphunzira kuuluka, ndipo mbali yofooka kwambiri inali pamwamba pa mabedi a ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Madzulo omwewo a zanyengo analengeza kuti Loweruka kukubwera mphepo yaikulu kuposa ija. Tinali ndi masiku atatu.

Lachitatu lonse ndinathera pafoni. Amisiri a madenga onse a m'dera lino anali otanganidwa, poti aliyense anamva chenjezo lomwelo. Bambo anakhala pampando wawo pakhonde, pomwe mawu anga ankawafika, ndipo anandipatsa funso limodzi lokha loti ndizifunsa: kodi mukabwera, mulowa m'siling'i? Ena ankati nditumize zithunzi. Wina anati abwera pakatha masabata atatu. Wina anandiseka n'kufunsa ngati ndikufuna kumuphunzitsa ntchito. Nthawi iliyonse ndikadula foni ndinkayang'ana pakhonde, iwo n'kupukusa mutu pang'ono. Chakumasana ndinatsala pang'ono kutenga khadi la mnyamata wa kandege uja, poti yekhayo ndiye anali wokonzeka kubwera. Ndinaligwira, ndinayang'ana msomali uli pakambale paja, ndinalibweza. Pamapeto pake m'bale wina wa kwathu amene amagwira ntchito zamagetsi ku Kwinana anandipatsa nambala ya mmisiri amene anamukonzerapo denga, dzina lake Russell.

Anafika Lachinayi m'mawa, bambo wamkulu wamimba, wotsimphina pang'ono, pa galimoto yodzaza makwerero ndi fumbi. Ine ndinapempha kuona mapepala ake a ntchito ndi a inshuwalansi, iye anatulutsa mosanyinyirika. Bambo mapepalawo analibe nawo ntchito, ankadikira chinthu china. Russell anapukuta nsapato pakhomo n'kufunsa za kakhomo ka siling'i, "Right, where's your manhole?" Ndikukumbukira kuti Bambo anandiyang'ana m'maso, kanthawi kochepa chabe, kenako anathamangira kukatenga makwerero.

Russell anatuluka m'siling'imo nkhope itasintha. Anafunsa kuti ndani anazindikira zimenezi, ndipo nditaloza Bambo anawagwira chanza nthawi yaitali. Koma anatiuza zoona zake: denga lonse sangalimalize Loweruka lisanafike, ndipo ntchito yonseyo ikufunika injiniya ayambe waiona. Chimene akanatha Lachisanu, iye ndi mnzake mmodzi, chinali kumangirira mbali imodzi ndi malamba achitsulo kuti ipirire kaye. Bambo sanadikire kuti ndimasulire. Analoza chipinda cha ana. Lachisanu anthu awiriwo anakhoma kuyambira m'mawa mpaka madontho oyamba atayamba kugwa. Mbali ya kunyanja inamangidwa. Mbali inayo ndi khonde lakuseri zinatsala momwe zinalili, ndipo Madalitso ndege yake yobwerera inali ya Lolemba.

Loweruka mphepo inafika cha m'ma thu koloko masana. Kunja kunada ngati kukulowa dzuwa, magetsi anazima. Bambo anali atakoka kale matiresi n'kuwayala m'kolido, momwe mulibe mawindo, n'kuuza ana kuti akhale pamenepo ndi bulangeti.

"Agogo, it's just wind," anatero Tadala.

"Khala pansi, mayi," anamuyankha.

Anayimika makwerero pansi pa kakhomo ka siling'i, nakwera masitepe awiri, n'kugunditsa chikhatho chawo pa chivundikiro chake. Ine ndinagwira makwerero. Ndinkaona ndi maso anga chivundikirocho chikukwera pang'ono n'kutsika pansi pa dzanja lawo, nthawi iliyonse mphepo ikamenya nyumba. Anati akumvera mmene denga likupumira. Mantha amene ndinali nawo sindinakhalepo nawo chibadwire. Ndinkangowerenga mumtima masiku onse amene ana anga anagona pansi pa misomali ija ine ndikutaya matailosi m'bini.

Kenako kunamveka chiphokoso cha chitsulo chikung'ambika, chotsatiridwa ndi kugunda kumene kunagwedeza makoma. Yankho anakuwa. Ine ndinati basi, denga lapita.

"Ndi khonde," anatero Bambo, dzanja lili pomwepo. "Lathu lilipo. Ndikulimva."

Ana anadziphimba kumutu ndi bulangeti. Mphepo inali kulira kwambiri moti mawu a Bambo ankangofika kwa ine ndekha, amene ndinali pansi pawo. Analankhula maso ali kusiling'i.

"Mayi a Tadala, ndili ndi zaka za mwamuna wanuyu ndinakhoma denga la sukulu ina kwathu. A komiti ankafuna ana alowemo mvula isanayambe, koma waya womangira mitanda kukhoma anali asanafike. Ndinati ndikhome kaye, waya ndidzamanga pambuyo. Ndinapeza ntchito ina ku Ntchisi. Sindinabwerere."

Mphepo inamenyanso, iwo nalimbitsa dzanja mpaka chivundikiro chinakhazikika.

"Mu December mphepo inalisasula ana ali m'kalasi. Lata linamupeza mwana wamkazi wa Sitandade 3, msinkhu wa Yankho. Anamwalira ali m'njira yopita kuchipatala. Anthu anati ndi tsoka, ena anati ndi zamatsenga. Palibe anandiloza chala. Anandiitananso ine ndemwe kuti ndidzakhome lina, ndipo anandithokoza."

Ndinangolimbitsa manja pa makwerero, misozi ikutsika, ndipo tinakhala choncho mpaka mphepo inayamba kufooka cha m'ma faifi. Atatsika, mkono wawo unali utauma moti sankatha kuupinda, ndipo ndinawathandiza kuvala juzi, chinthu chimene mtengwa sachita.

Denga linapirira. Khonde tinalipeza litagwera pa bedi la mpiru, litathyola mpanda. Mumsewu mwathu nyumba zina zinakhala masabata zitafundidwa malona. Russell anabweranso ndi injiniya n'kudzamaliza mbali inayo, ndipo masiku onse amene anagwira ntchito ankawatchula Bambo kuti bwana, n'kumawaitana kuti adzaone lamba aliyense asanatseke. Kuyambira pamenepo uthenga sunadzerenso mwa Tadala. Sitinakhale anthu ocheza kwambiri, koma akafuna tiyi ankandiuza okha.

Anamwalira chaka chotsatira, mu June, atadwala sitiroko masiku anayi okha. Tinakawaika ku Dowa, pafupi ndi akazi awo. Kumaliro anthu ankatchula madenga amene anakhoma, kuti mpaka lero palibe limene linasunthika, ndipo ine ndinangoweramitsa mutu. Nkhani ya sukulu ija sanamuuzepo mwana wawo. Ndinamuuza ndine, titabwerera kuno. Madalitso ananyamuka, natenga makwerero ndi tochi, nalowa m'siling'i koyamba m'moyo wake. Anakhalamo pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindinamufunse zimene ankachita.

Mawa mphepo ikubweranso, Madalitso ali kumgodi. Russell anadzayendera denga mu April, analowa m'kati monga mwa masiku onse, anati zonse zili bwino. Ndikudziwa kuti lamangidwa. Komabe ndalowetsa mipando ya panja, ndachotsa masamba m'ngalande, ndazungulira nyumba katatu, ndipo mtima sukukhazikika. Kale ndinkaganiza kuti Bambo ndi amene ankabweretsa nkhawa m'nyumba muno. Pano ndazindikira kuti ankatinyamulira, kuti enafe tizigona.

Mpando wawo uli pakhonde latsopano, utayang'ana kunyumba osati kubwalo, monga anausiyira. Kambale kaja kali pawindo la kukhitchini ndi msomali wake. M'kolido mulibe kanthu, ndi njira chabe yopitira kuzipinda, ana amathamangamo osayang'ana m'mwamba. Koma pa chivundikiro choyera cha kakhomo ka siling'i pali chidindo cha dzanja lafumbi, chikhatho ndi zala zisanu, chala chamkombaphala chili chokhota pomwe hamala inachiphwanya kalekale. Wopenta atabwera chaka chatha ndinamuuza kuti apente paliponse kupatula pamenepo. Masana ano, ana ali kusukulu, ndinayima pansi pake n'kunyanyamphira, mkono nditautambasula mpaka mapeto. Dzanja langa silifikapo.